Mabuku a Kaundula a ku Edinburgh ndi Mbiri ya Maphunziro a Udotolo

Munthu akafuna kudziwa mbiri ya mudzi wa kwao amapita kwa nkhalamba, nakhala pansi, namva m'mene makolo anafikira pa malowo. Koma mbiri ya sukulu yaikulu imene yakhala zaka mazana atatu, ndipo ophunzira ake anabalalika m'maiko ambiri, palibe nkhalamba imene ingathe kuisenza m'mutu. Mbiri yotere imasungidwa pa mapepala. Chifukwa chake mayunivesite akale ali ndi zipinda zosungiramo mabuku a kaundula, makalata ndi zolembedwa zina za masiku apitawo, ndipo zipindazo ziri ngati nkhokwe imene wofufuza mbiri amakatapamo. Imodzi mwa nkhokwe zodzaza bwino iri pa Yunivesite ya Edinburgh m'dziko la Scotland, kumene kuli sukulu ya madotolo yomveka kuyambira kale.

Wolowa m'nkhokwe yotere ayenera kudziwa chinthu chimodzi asanatsegule buku loyamba. Buku la kaundula liri ngati mboni pa bwalo la milandu: limanena zimene mlembi anaona ndi zimene anauzidwa kuti alembe, ndipo zotsalazo silinena. Mfumu yanzeru sigamula mlandu itamva mboni imodzi yokha. Mbiri ya sukulu ya ku Edinburgh ionetsa bwino chifukwa chake wofufuza ayenera kuchita chimodzimodzi.

Chiyambi cha sukuluyo

Yunivesite ya Edinburgh inatsegulidwa m'chaka cha 1583, koma gawo lake la maphunziro a udotolo linakhazikitsidwa m'chaka cha 1726. Aphunzitsi ambiri oyambawo anaphunzira ku Leiden m'dziko la Holland, kwa mphunzitsi womveka dzina lake Herman Boerhaave, amene anali kuphunzitsa anyamata ake pambali pa kama wa wodwala. Mmodzi wa iwo anali Alexander Monro, amene anapatsidwa mpando wophunzitsa kapangidwe ka thupi la munthu m'chaka cha 1720. Iyeyu, mwana wake ndi mdzukulu wake, onse atatu a dzina limodzi, anasunga mpandowo motsatana kufikira chaka cha 1846, ndizo zaka 126. M'chaka cha 1729 anatsegula kachipatala kakang'ono kamene pambuyo pake kanakula nikatchedwa Royal Infirmary, ndipo m'chaka cha 1748 John Rutherford anayamba kuphunzitsa za nthenda za anthu amene anali chigonere m'chipatalamo.

Panali zifukwa ziwiri zazikulu zimene zinakokera anyamata ku Edinburgh. Choyamba, ku Oxford ndi ku Cambridge munthu sanali kulandira digiri ngati sanabvomereze chiphunzitso cha Mpingo wa England, koma ku Edinburgh sanali kufunsa za mpingo wa munthu. Chachiwiri, chuma chambiri cha aphunzitsi chinali kuchokera ku ndalama zimene wophunzira ali yense analipira pogula tikiti ya kalasi, kotero mphunzitsi anali kukondwa poona mabenchi odzaza, ngakhale odzazawo akhale alendo. Motero kunafika anyamata a ku Ireland, a ku America ndi a ku zisumbu za West Indies. John Morgan, amene analandira digiri yake ku Edinburgh m'chaka cha 1763, anabwerera kwao nakayambitsa sukulu ya madotolo ku Philadelphia m'chaka cha 1765.

Mapepala amene anatsala

Nchito ya zaka zonsezi inasiya mapepala a mitundu inai yofunika kwa wofufuza. Mtundu woyamba ndiwo mabuku a kaundula wolowera, m'mene wophunzira ali yense analemba dzina lake ndi dzanja lake poyamba chaka. Wachiwiri ndiwo mndandanda wa olandira digiri pamodzi ndi zimangirizo zao, pakuti wofuna digiri ya udotolo anayenera kulemba chimangirizo chachitali cha nthenda imodzi kapena mankhwala amodzi, ndipo kufikira zaka za m'ma 1830 zimangirizozo zinali kulembedwa m'Chilatini. Wachitatu ndiwo mabuku a misonkhano ya akulu-akulu a sukulu, m'mene mlembi analemba zimene anagwirizana. Wachinai ndiwo makope a ophunzira eni ake, olembamo mau a aphunzitsi monga anawamvera m'kalasi, pamodzi ndi matikiti ao ndi makalata opita kwa makolo.

Lero mapepala amenewa asungidwa m'nyumba yaikulu ya mabuku ya Yunivesite pa George Square, ndipo m'nyumba yomweyo muli mabuku akale a zipatala za mumzindawo. Zimangirizo zambiri anazijambula naziika pa intaneti, kotero kuti munthu wa kutali akhoza kuziwerenga osakwera ndege.

Zimene mapepalawa atsimikiza n'zambiri ndithu. John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone pa mtsinje wa Shire nafika naye ku Nyanja ya Malawi m'chaka cha 1859, analandira digiri yake ku Edinburgh m'chaka cha 1854. M'chaka chomwecho cha 1859 mnyamata wa ku Sierra Leone, James Africanus Beale Horton, analandira digiri ya udotolo pa sukulu yomweyo, ndipo chimangirizo chake chinali cha nyengo, nthaka ndi nthenda za m'mbali mwa nyanja kuzambwe kwa Africa. Pa masiku amene Azungu ambiri anali kunena kuti munthu wakuda sangathe maphunziro apamwamba, dzina la Horton linali litalembedwa kale m'buku la opambana. Pa zinthu zotere, za dzina, chaka ndi mutu wa chimangirizo, kaundula ndi mboni yokhulupirika. Mabvuto ayamba pamene wofufuza afuna kuti bukulo linene zoposa zimenezi.

Wolowa ndi wotsiriza

M'chaka cha 1825 mnyamata wa zaka 16, Charles Darwin, analemba dzina lake m'kaundula wa ophunzira udotolo. Woona dzinalo angaganize kuti Darwin anakhala dotolo, koma m'mndandanda wa olandira digiri mulibe dzina lake. Anachoka m'chaka cha 1827 osatsiriza, atanyansidwa ndi kuona anthu akung'ambidwa ali maso, pakuti James Young Simpson anayamba kugonetsa odwala ndi mankhwala a chloroform m'chaka cha 1847, Darwin atachoka kale. Ndipo Darwin sanali yekha. Ophunzira ambiri a masiku amenewo anali kugula matikiti a makalasi awiri kapena atatu, namva zimene anafuna, nachoka osayesa mayeso a digiri. Wowerenga mndandanda wa opambana wokha adzachepetsa kwambiri chiwerengero cha anthu amene anaphunzirapo, ndipo wowerenga kaundula wolowera yekha adzapatsa udotolo anthu amene sanaulandire. Mabuku awiriwa ayenera kuikidwa pa tebulo limodzi.

Palinso china pa nkhani ya Darwin. Luso limene linamthandiza kwambiri pa maulendo ake a pambuyo pake, la kusenda mbalame ndi kukonza zikopa zake kuti zisaole, sanaliphunzire kwa pulofesa. Anamphunzitsa ndi John Edmonstone, munthu wakuda amene anali kapolo ku Demerara m'dziko la Guyana, namasulidwa, nadzakhala ku Edinburgh. Edmonstone sanali pa mndandanda wa aphunzitsi a Yunivesite, ndipo Darwin mwini, pofotokoza za moyo wake atakalamba, anamtama koma sanatchule dzina lake. Dzinalo linapezeka patapita zaka zambiri, ofufuza atalinganiza mau a Darwin ndi zolemba za Charles Waterton, amene anaphunzitsa Edmonstone nchitoyo.

Dzina lolembedwa ndi mwini dzina

M'chaka cha 1809 m'kaundula munalowa dzina la James Barry, ndipo m'chaka cha 1812 mwini dzinalo analandira digiri, atalemba chimangirizo cha nthenda ya kutuluka kwa matumbo chakumtunda kwa ntchafu. Barry anakhala dotolo wa asilikali a Britain zaka zoposa makumi anai. Ali ku Cape Town m'chaka cha 1826 anang'amba mimba ya mai wobvutika pobereka, ndipo mai ndi mwana yemwe anakhala ndi moyo, chinthu chosowa kwambiri masiku amenewo. Barry atamwalira ku London m'chaka cha 1865, mai amene anasambitsa mtembo ananena kuti thupilo linali la mkazi.

Mabuku a Yunivesite sananame, pakuti mlembi analandira dzina limene anapatsidwa. Koma pa funso lakuti Barry anali yani asanafike ku Edinburgh, mabukuwo analibe yankho. Yankho linatuluka m'makalata a loya wa banja, amene dotolo wa ku South Africa, Michael du Preez, anawafufuza nafalitsa zimene anapeza m'chaka cha 2008. Makalata a mtsikana wa ku Cork m'dziko la Ireland, Margaret Ann Bulkley, ndi kalata ya James Barry, anali a dzanja limodzi, ndipo kuseri kwa kalata ya Barry loyayo analembako dzina la Bulkley monga mwini kalata. Motero kunadziwika kuti munthu wobadwa mkazi analandira digiri ya udotolo ku Edinburgh pa nthawi imene khomo linali lotsekeka kwa akazi onse.

Akazi asanu ndi awiri

Khomo limenelo anadzaligogoda poyera m'chaka cha 1869. M'mwezi wa Novembala chaka chimenecho Sophia Jex-Blake ndi anzake analemba maina ao m'kaundula, nakhala akazi oyamba kulembedwa pa yunivesite ya m'Britain. Gulu lao linakwana asanu ndi awiri: Sophia Jex-Blake, Isabel Thorne, Edith Pechey, Matilda Chaplin, Helen Evans, Mary Anderson ndi Emily Bovell. Anawalola kuphunzira, koma m'makalasi a okha ndi pa mtengo woposa wa amuna. M'chaka cha 1870 Edith Pechey anaposa onse oyenera mphotho pa mayeso a kemisitiri, koma mphothoyo inapatsidwa kwa mwamuna amene anali pambuyo pake. Pa 18 Novembala chaka chomwecho, pamene akaziwo analikupita kukalemba mayeso ku Surgeons' Hall, khamu linawatsekera chipata, kuwatukwana ndi kuwaponyera matope, ndipo atalowa, ena anakankhira nkhosa m'chipinda cha mayeso. M'chaka cha 1873 bwalo lalikulu la milandu la Scotland linagamula kuti Yunivesite inalibe mphamvu yakuwalandira poyamba pomwe, ndipo anachoka opanda digiri.

Wowerenga mabuku a misonkhano ya akulu-akulu adzapezamo nkhaniyi, koma adzaipeza m'mau a eni mphamvu. Mlembi wa msonkhano amalemba kuti pempho linafika, linakambidwa, ndipo linakanidwa. Za matope pa zobvala ndi za mantha a pa njira ziri m'nyuzipepala za masiku amenewo monga The Scotsman, m'mapepala a bwalo la milandu, ndi m'buku limene Jex-Blake analemba yekha. Ngakhale zimenezi ziyenera kupimidwa, pakuti nyuzipepala inali ndi mbali yake, ndipo Jex-Blake analemba monga munthu wolakwiridwa. Choonadi chimaoneka pamene mboni zonsezo zamveka.

Akaziwo sanataye mtima. Lamulo la m'chaka cha 1876 linalola mabungwe oyesa madotolo kulandira akazi, ndipo Jex-Blake analandira digiri ku Bern m'dziko la Switzerland m'chaka cha 1877, napatsidwa chilolezo cha nchito ku Dublin, nabwerera kudzachiza anthu mu Edinburgh momwemo. Yunivesite inalola akazi kulandira digiri ya udotolo m'chaka cha 1894. Akale anati mlandu suola: m'mwezi wa Julayi 2019, patapita zaka 150, Yunivesite inapereka madigiri aulemu kwa akazi asanu ndi awiriwo, ndipo ophunzira asanu ndi awiri a masiku ano anawalandira m'malo mwao. Umboni woyamba pa mlanduwo unali maina aja olembedwa m'kaundula m'chaka cha 1869, amene palibe munthu anawafafaniza.

Za kunja kwa mpanda

Cholakwa china chofala ndicho kuganiza kuti maphunziro onse a udotolo mu Edinburgh anali m'manja mwa Yunivesite. Kufikira chaka cha 1858 eni ulamuliro pa Yunivesiteyo anali akulu a mzinda, kotero nkhani zambiri za kusankha aphunzitsi ziri m'mabuku a mzinda. Ndiponso kunja kwa mpanda kunali aphunzitsi odziimira okha, amene makalasi ao nthawi zina anali odzaza kuposa a mapulofesa. Womveka mwa iwo anali Robert Knox, wophunzitsa kapangidwe ka thupi.

Phunziro limeneli lifuna mitembo, ndipo mitembo imene lamulo linalola inali yochepa, makamaka ya anthu onyongedwa chifukwa cha kupha anzao. Kusowako kunabala malonda oipa a kufukula manda. M'chaka cha 1828 William Burke ndi William Hare anapha anthu 16, ambiri a iwo amphawi ndi osowa abale, nagulitsa mitembo yao kwa Knox. Hare anaperekera mnzake umboni namasulidwa, Knox sanazengedwe mlandu, koma Burke ananyongedwa m'chaka cha 1829, ndipo mafupa ake akali m'nyumba yoonetsera zinthu ya Yunivesite. Lamulo la m'chaka cha 1832 linathetsa malondawo polola kuti mitembo ya anthu ofera m'zipatala ndi m'nyumba za amphawi, yosowa woitenga, iperekedwe ku sukulu. Ophunzira amene anadula matupiwo maina ao ali m'kaundula, koma wofuna maina a eni matupi ayenera kukafufuza m'mapepala a milandu ndi m'mabuku a zipatala ndi a amphawi. Mbiri ya maphunziro a udotolo yosatchula anthu amenewa ndi yoperewera.

Nkhani ya mpanda ikhudzanso anthu odziwika m'mbiri ya Malawi. David Livingstone anayamba maphunziro a udotolo m'chaka cha 1836 pa sukulu ya Anderson ku Glasgow, imene mapepala ake lero ali m'manja mwa Yunivesite ya Strathclyde, ndipo chilolezo chake cha m'chaka cha 1840 chinachokera ku bungwe la madotolo la ku Glasgow. Hastings Kamuzu Banda analandira digiri ya udotolo ku Meharry Medical College ku America m'chaka cha 1937, monga anachitira Daniel Malekebu m'chaka cha 1917. Popeza boma la Britain silinabvomereze digiri ya ku America m'maiko ake, Banda anapita ku Edinburgh, ndipo zikalata zimene analandira m'chaka cha 1941 zinachokera ku mabungwe atatu a madotolo, awiri a ku Edinburgh ndi limodzi la ku Glasgow. Wofuna umboni wa zikalatazo ayenera kugogoda pa makomo a mabungwewo. Ndipo popeza sukulu ya madotolo ya ku Blantyre inatsegulidwa m'chaka cha 1991, mbiri ya madotolo onse a Chimalawi a m'mbuyo mwa chakacho iri yobalalika m'nkhokwe za maiko ena.

Kayendedwe ka wofufuza

Wofufuza wanzeru amayamba ndi funso laling'ono ndi lomveka, monga lakuti munthu wakuti analowa liti, anaphunzira kwa yani, ndipo anatsiriza kapena iai. Asanapite amawerenga mndandanda wa zimene ziri m'nkhokwemo nalembera wosunga makalata, pakuti wosungayo adziwa malo a chinthu chiri chonse, ndipo adziwanso mabuku amene sanatsegulidwe, monga a odwala, amene amatsekedwa zaka zambiri posunga ulemu wa eni ake. M'chipinda chowerengera amalemba ndi pensulo, kuopa kudontheza inki pa pepala losabwezeka, ndipo pa mau ali onse amene akopera amalembapo nambala ya buku ndi tsamba, kuti wina wodza pambuyo akathe kuona yekha.

Pa pepala liri lonse amadzifunsa mafunso atatu: analemba ndani, analembera yani, ndipo chinamlembetsa n'chiani. Amachenjera ndi maina ofanana, pokumbukira kuti a Alexander Monro anali atatu, ndi maina otembenuzidwa m'Chilatini, m'mene James asanduka Jacobus. Dzina likasowa m'buku limodzi safulumira kunena kuti munthuyo kunalibe, koma amafunsa kuti bukulo linali la anthu otani, ndipo osalembedwamo analembedwa kuti. Nchito yake ndi yochedwa, ndipo tsiku lathunthu likhoza kutha pofuna mzere umodzi, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kaundula wa pa tebulo la mphunzitsi

Mlembi amene anatsegula buku pamaso pa Horton kapena Jex-Blake sanadziwe kuti tsambalo lidzafunidwa patapita zaka zana. Anali kuchita nchito ya tsiku ndi tsiku, yomwe mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale achita m'mawa uli wonse poitana maina. Rejisitala ya kalasi, buku lolembamo ana atsopano ndi buku la zochitika pa sukulu ndizo nkhokwe ya mudzi umenewo, ndipo kawiri-kawiri palibenso ina. Mapepala satha ndi ukalamba wokha. Moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba m'chaka cha 1919 unaononga makalata ambiri a zaka zoyamba za boma la Nyasaland, ndipo chiswe ndi denga lodontha zichita zomwezo mwakachetechete m'makabati a sukulu zambiri.

Tsono mphunzitsi ali ndi udindo wa mitundu iwiri pa nkhaniyi. Monga mlembi, ayenera kulemba dzina la mwana lonse ndi moongoka, tsiku lolowa ndi lochoka, ndiponso chifukwa chochokera, ngakhale chikhale chochititsa manyazi monga kusowa yunifolomu kapena kukwatiwa msanga, pakuti mwana wosiya sukulu pa njira ndiye amene mbiri imaiwala msanga. Buku likadzaza aliike pouma ndi pokwera, nalipereke m'manja mwa wolowa m'malo mwake. Monga mphunzitsi wa mbiri, akhoza kutenga rejisitala yakale ya sukulu yake, naonetsa ana a makalasi apamwamba maina a agogo ao, nawatuma kukafunsa agogowo zimene bukulo silinanene: amene anawalipirira, mtunda umene anayenda, ndi anzao amene sanaloledwe kulowa. Ana otere adzakhala ataphunzira pa bwalo la sukulu yao njira yomweyo imene ofufuza atsata m'nkhokwe ya ku Edinburgh.